Zilumba Zitatu ndi Khutu Limodzi

Atelala anayala mapepala atatu pa tebulo lawo lodulira nsalu. Lina analipsinja ndi sizasi, lina ndi bokosi la mabatani, lachitatu ndi simbi yozizira, kuti mphepo ya fani isawauluze.

"Lero sitidzuka pano tisanasankhe," anatero. "Khalani pansi, a Sizoona."

Dzina limeneli anandipatsa ndi iwo omwewo. Akuti munthu akandiuza kuti kunja kwacha, ine ndimayamba ndasuzumira pawindo. Sindikana. Ndawotcherera zitsulo zaka makumi anayi, ndipo chimene ndaphunzira n'chakuti penti imabisa dzimbiri. Anthunso ndi chimodzimodzi. Mkazi wanga ananditsanzika kuti akukazonda mayi ake, mpaka lero akuzondabe, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ana anga awiri amandikumbuka geti lawo likathyoka.

Atelala ndinawadziwa chifukwa cha ovolosi. Moto wa ntchito yanga umaboola zovala, ndiye ndinkabwera nayo kuti aikepo zigamba. Chaka chatha ndinadzigwira ndikuboola dala. Iwonso anaona. Anangoyamba kutsuka makapu awiri a tiyi m'malo mwa imodzi. Ndi mayi wamasiye, imvi zili mbuu, mawondo otupa, koma akaseka mungati mtsikana wabisala kuseri kwa makina.

Mawondowo ndi amene anabweretsa zonsezi. Dokotala anawauza kuti azisambira. Ku dziwe la kalabu anakapeza anthu akuphunzira kusambira pansi pa madzi atabereka silinda ya mpweya kumsana, iwo n'kulowa nawo. Anamaliza maphunziro, anawapatsa ndi kachiphaso. Tsopano amafuna nyanja yeniyeni yamchere, pa chilumba chotentha, ndipo amafuna kupita ndi ine.

"Ichi choyamba chili ndi sitima yomira," anatero akuloza ndi choko. "Nsomba zimalowa pawindo n'kutulukira pakhomo ngati zalipira lendi."

Ndinatulutsa galasi langa lokulitsira zinthu. Nsomba sindinaziyang'ane. Ndinafunafuna pangodya pa chithunzi, pamene anaunjika masilinda.

"Taonani khosi la iyi. Dzimbiri ilo. Ndiye aigoneka padzuwa ngati akuyanika chimanga. Anthu otere ndiwapatse mapapo anu? Komanso alemba okha kuti madzi ake amathamanga. Ndi mawondo anuwo?"

"Chabwino. Chachiwiri ichi. Madzi ake akuti umaona mpaka uko kuli shopu ya nyama."

"Ndege ziwiri, kenako boti maola anayi. Chipatala chili kuti? Werengani, inu ndinu munapita patali ndi sukulu."

Anawerenga. Chipatala panalibe. Anachotsa pepalalo mwakachetechete, n'kukankhira lachitatu patsogolo panga.

Chinali chilumba chaching'ono cha akamba a m'nyanja. Madzi osazama kwambiri, odekha miyezi imene mphepo yagona. Chipatala chili tsidya lina, theka la ola pa boti. Ndinaika galasi pangodya. Masilinda anali chilili pamthunzi, omangidwa ndi tcheni, makosi oyera ngati supuni. Pambali panali mkulu wina wadazi atanyamula chidebe cha madzi a sopo. Munthu wa ntchito yanga ameneyo. Ndinamudziwa ndi kagwiridwe ka burashi.

Ndinafufuza chilema mpaka maso anachita misozi. Sindinachipeze.

"Ndiye?" anafunsa Atelala.

"Chakomeratu," ndinatero. "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

Anapinda pepalalo kanayi, analiika m'thumba la epuloni, n'kukhala pa makina. Tiyi wanga anazizira ndikumvera singano ikuthamanga pa diresi la munthu wina.

*

Nyerere zinali mwa ine, osati mumkuyu.

Ndili mnyamata, bwana wina anandibweretsera mgolo kuti ndiudule. Analumbira pa ana ake kuti autsuka katatu, mulibe fungo la petulo. Ndinamukhulupirira. Nditadzuka ndinali kuchipatala, nsidze zitapsa, khutu lakumanzere litatseka. Kuyambira tsiku limenelo sindimva nalo kanthu, ndipo sindikhulupirira munthu wolumbira.

Atelala atandikokera ku kalabu, masabata awiri oyamba ndinkangoyandama pamwamba ngati chigubu. Tsiku lotsika pansi, madzi atangondipitirira pamutu, ndinamva ngati wina wandibaya ndi waya wamoto m'khutumo. Dziwe lonse linazungulira. Ndinavuuka n'kunama kuti mwendo wakokana. Lolemba lake ndinapita ndekha kwa dokotala wa makutu. Anasuzumira ndi katochi, n'kupukusa mutu.

"Bambo, chikopa cha m'kati chili ndi bowo lakalekale. Sambani m'bafa, khalani m'boti, koma pansi pa madzi musadzayerekeze."

Papita miyezi iwiri ndisanawauze Atelala. Loweruka lililonse ndimapeza chifukwa: chimfine, geti la kasitomala, msana. Ndimapita ku kalabu, koma ndimakhala pabenchi n'kumayeza silinda yawo. Ndimapaka madzi a sopo pa valavu ndi polumikizira paipi. Pakatuluka thovu ndiye kuti mpweya ukuthawa. Mphunzitsi wawo poyamba ankakwiya, pano amangondisiya.

Amene sandisiya ndi a Tayi.

A Tayi ali ndi sitolo ya mankhwala pamsewu waukulu. Mkazi wawo anamwalira kalekale. Amabwera ku dziwe atavala tayi, amaivula pomaliza penipeni atavula kale nsapato, n'kuipachika pa msomali wakewake. Chiphaso chawo ndi cha zaka zambiri, ndipo aliyense amene wakhala nawo pafupi mphindi zisanu amadziwa nyanja zonse zimene anasambiramo.

"Achimwene, mwabweranso kudzachapa?" anandifunsa Loweruka lotsatira. "Mukamaliza silinda ya mayiwa mundichapireko masokosi."

"Masokosi anu sangaphe munthu," ndinayankha. "Kapena angaphe, sindinawanunkhize."

Anthu anaseka, a Tayi anasekanso, koma maso awo anali pa Atelala amene amavutika kuvala mapazi a bakha, nsapato zosambirira zija. A Tayi anagwada msanga n'kuwamangira lamba wa kuchidendene. Kenaka awiriwo anatsika limodzi. Ndili pabenchi ndinkaona mithunzi iwiri pansi pa dziwe, ikulankhulana ndi zala. Chala chachikulu ndi cholozera kupanga bowo: zonse zili bwino. Ine ndinatsala ndi burashi m'manja, sopo akundidonthera pa nsapato.

*

Lachiwiri masana kunabwera galimoto yoyera pa shedi yanga. Anatsika Wachisamba, mwana woyamba wa Atelala, amene amagwira ntchito ku kampani ya inshulansi. Anaima pakhomo akuyang'ana pansi posankha poponda.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

"Ndaswera. Khalani apo, ndapukuta."

Sanakhale.

"Ndabwera ndi funso limodzi. Amayi mukufuna chiyani kwa iwo?"

"Zigamba."

"Musandiseke. Sabata ino sakudya bwino. Dzulo asokera kasitomala mkono wa malaya chadodolido, chinthu chimene sanachitepo chibadwire ine. Akuti chilumba chilichonse mukuchikana. Ngati mukuchita manyazi kuyenda nawo pagulu, nenani. Ngati mukudikira kuti akulembeni pa nyumba, nenaninso, ndikuyankheni pompano."

Magazi anandithamangira kumutu. Nyumba! Ine amene ndinamanga mageti a theka la tauni ino.

"Mwana iwe," ndinatero, kenaka ndinadzigwira. "Mayi, nyumba ya amayi anu ili ndi mapaipi otha ndi denga lodontha pakhonde. Ndikanakhala wakuba ndikanasankha ina."

"Ndiye chikukuvutani n'chiyani?"

Ndinatola chitsulo n'kuyamba kuchipala, chosafunika n'kupala komwe.

"Bambo anga anadwala zaka zisanu ndi chimodzi," anatero, mawu atatsika. "Amayi sanapite ngakhale ku ukwati wa mng'ono wawo. Ulendo uwu ndi chinthu choyamba chimene anenapo kuti ndikufuna. Apita, kaya ndi inu kaya popanda inu. Ndionetsetsa ineyo."

Galimoto itapita ndinapeza uthenga pafoni. Atelala amanditumizira mauthenga a mawu, chifukwa amadziwa kuti kuwerenga kumanditengera nthawi. Ndinaika foni ku khutu lakumanja.

"A Sizoona, ovolosi yanu yatha. Mukafuna mutume munthu adzatenge."

Mutume munthu. Chaka chonse sananenepo mawu otero. Ndinaumvera kanayi, kufunafuna pamene mwina anaseka. Panalibe.

*

Sindinatume munthu. Ndinapita ndekha m'mawa mwake, shopu isanadzaze. Ndinawapeza akusita, wailesi ikulira pansipansi.

"Ili pampando apo," anatero osatembenuka.

Ndinainyamula. Zigamba zinali zitatu, zosokedwa bwino ngati kale. Ndinaima pakhomo. Ndikanatha kutuluka. Kutuluka ndimakudziwa, ndi ntchito imene ndinaphunzira kwa mkazi wanga.

"Mayi, chilumba chachitatu chija chilibe vuto."

Simbi inaima.

"Masilinda ake ndi abwino. Mkulu wadazi uja amadziwa ntchito. Chipatala chili pafupi. Akamba sindikuwadziwa, koma sindinamvepo kuti analuma munthu. Chilema chili ndi ine."

Ndinawauza zonse. Za mgolo, za bwana wolumbira pa ana ake, za waya wamoto m'khutu, za dokotala ndi katochi kake. Ndinkalankhula ndikuyang'ana mabatani a m'bokosi.

Atelala anaimika simbi, anazimitsa pakhoma, n'kubwera kudzaima patsogolo panga manja ali m'chiuno.

"Khutu lakumanzere," anatero.

"Eya."

"Mukuganiza kuti ine ndi wakhungu? Munthu amene tikamayenda mumsewu amandizungulira ngati galu wofuna pogona, mpaka ndikhale kudzanja lake lamanja? Amene amakhala mpando womwewomwewo, chammbali, ngati akujambulitsa chithunzi cha chiphaso? Ine ntchito yanga ndi kuyeza anthu, bambo inu. Ndinadziwa mwezi woyamba kuti khutu ilo ndi chokongoletsera."

"Ndiye osanena bwanji?"

"Linali khutu langa? Ndimadikira mwini wake." Anapuma. "Chimene sindinadziwe n'chakuti likukuletsani kutsika. Ine ndimati mwatopa nane. Ndimati mwaona kuti nkhalamba yovala mapazi a bakha ndi yochititsa manyazi."

"Manyazi ndinali nawo ndi ine. Ndimati mukadziwa, muona kuti ndine chitsulo chongopakidwa penti."

"Ndinu chitsulo chadzimbiri, zimenezo aliyense akudziwa," anatero, ndipo mtsikana uja anasuzumira m'maso mwawo. "Khalani pansi musanagwe."

Anathira tiyi m'makapu awiri. Anakhala kudzanja langa lamanja osauzidwa.

"Mukudziwa chifukwa chake ndimakonda pansi pa madzi?" anafunsa. "Kulibe wondiitana. Zaka zonsezi ndi amayi ndipatseni, mayi mundisokere, mkazi wanga nditembenuze. Kumeneko ndimangomva mpweya wanga, kulowa ndi kutuluka. Mawondo sapweteka. Ndimapepuka ngati ulusi." Anazunguza supuni m'kapu. "Koma chimene chimandilimbitsa mtima potsika si mphunzitsi. Ndi thovu la sopo lija. Ndimadziwa kuti silinda yanga yaonedwa ndi munthu amene sakhulupirira ngakhale amene anaipanga."

Ndinamwa tiyi wotentha mpaka lilime linapsa.

"Ndiye ndikakhala m'boti," ndinatero.

"Mukakhala m'boti, ndi chipewa, ndi chidebe chanu. Mukakangana ndi mkulu wadazi uja mpaka mukhale pachibale. Ine ndikavuuka ndidzakuuzani za akamba, inu mudzati sizoona."

"Ndidzatero ndithu."

Anatulutsa pepala lija m'thumba la epuloni. Linali litafewa m'mapindo, kusonyeza kuti lakhala likutsegulidwa ndi kupindidwa kambirimbiri. Analiyala pabondo langa n'kulisalaza ndi chikhatho, monga amachitira ndi nsalu yodula. Dzanjalo silinachoke msanga.

Kenaka anadzuka, anazungulira kumbuyo kwa mpando, n'kuwerama ku khutu lakumanzere. Ndinamva mpweya wofunda pakhosi, ndi fungo la sitachi ndi sopo. Milomo yawo inayenda kanthawi.

"Mwati chiyani?"

"Zimenezo ndauza khutu ilo. Limasunga chinsinsi."

"Nenani kunoku."

"Kumeneko ndidzanena tili pa boti, mutayeza silinda yanga. Mukapanda kupita simudzamva mpaka kumanda."

Kasitomala analowa ndi thumba la mayunifolomu. Ndinatuluka nditaiwala ovolosi pampando, ndipo ulendo uno sindinachite dala.

*

Lachisanu ndinavala malaya a kolala. Tinagwirizana kukumana ku ofesi yokonza maulendo, pamwamba pa sitolo ya nsapato. Ndinali ndi pasipoti m'thumba lam'kati, imene ndinatenga kalekale pofuna kukagwira ntchito kunja, ntchito yake n'kulephereka. Ndinali nditaikonzetsanso mwakachetechete miyezi itatu yapitayo. Munthu ukhoza kukana ndi pakamwa miyendo ikuvomera.

Mayi wa mu ofesimo anali wachangu, wa zikhadabo zofiira. Atelala anamuuza chilumba, mwezi umene mphepo imagona, ndi zipinda ziwiri zoyandikana.

"Ziwiri," anabwereza Atelala akundiyang'ana ndi diso la m'mbali. "Ife ndi anthu aulemu."

"Otsika pansi ndi angati?" anafunsa mayiyo.

"Ine ndekha. Bambowa ndi a m'boti."

Zikhadabo zinaima pa kompyuta.

"Pamenepo ndiye pali nkhani. Malo amenewa ndi a banja limodzi, boti lawo ndi laling'ono. Lamulo lawo n'lakuti aliyense abwere ndi mnzake wotsika naye, wa chiphaso. Pansi pa madzi munthu sayenda yekha, mukudziwa. Wina mpweya ukamuthera, amapumira kwa mnzake. Wotsogolera amayang'ana gulu lonse, sangakhale wa munthu mmodzi."

Ndinadziwa lamulolo. Mphunzitsi amalinena Loweruka lililonse. Ndinali nditangoliika kumbali ya khutu lakufa.

"Palibe wina amene akupita yekha, woti andiphatikize naye?" anafunsa Atelala.

"Dikirani ndione." Anayenda ndi chala pa galasi la kompyuta, kenaka nkhope yake inawala. "Koma mayi, mwayi wanu! Dzina lanu lilipo kale. Mwana wanu anabwera Lachitatu, anakusungitsirani malo pa chilumba chomwechi. Anati munalisiya pepala lake pa tebulo. Ndipo mnzanu wotsika naye analembetsa kale."

"Mnzanga uti?"

Pamasitepe panamveka nsapato zachikopa zikukwera mosafulumira. Chitseko chinatseguka, ndipo choyamba kulowa inali tayi yabuluu ya tinsomba tating'onoting'ono.

"Mayi!" anatero a Tayi atatambasula manja. "Mwana wanu ndi wanzeru zedi. Anandipempha, ine ndikanakana bwanji?" Kenaka anandiona. "Aa, achimwene, inunso? Mwabwera kudzatiperekeza?"

Atelala anatembenukira kwa ine. Nkhope yawo inali itachita phulusa.

"A Sizoona, ine sindimadziwa."

Mawu amenewo ndinawamvapo. Bwana wa mgolo anawanena ataima pambali pa bedi langa kuchipatala. Mkazi wanga anawanenanso nditapeza kalata m'thumba la jekete lake. Zaka makumi anayi za dzimbiri zinadzuka m'chifuwa mwanga, zonse zikukuwa dzina langa lija.

Ndinayang'ana manja a Atelala. Anali atagwira mphepete mwa tebulo ndi zala zobayidwabayidwa ndi singano.

"Ndikudziwa kuti simumadziwa," ndinatero. Mawuwo anatuluka movuta ngati bawuti yakale, koma anatuluka.

Mayi wa zikhadabo anatsokomola.

"Pepani, ndiyenera kutseka mndandanda wa ulendowu lero. M'botimo mwatsala mpando umodzi wa munthu wosatsika. Koma ndinene poyera, boti likaima, otsika amapita awiriawiri, ndipo amakhala pansi pafupifupi ola. Bambo, ndikulembeni?"

Ola lathunthu. Iwo awiri pansi, kumene anthu amalankhula ndi zala ndi kugwirana manja, ine pamwamba ndi chidebe.

Ndinatulutsa pasipoti n'kuiika pa tebulo.

"Lembani."

A Tayi anamwetulira, akusalaza tinsomba tawo.

"Zabwino kwambiri. Ndiye mukatiyezera masilinda tonse awiri, eti achimwene? Moyo wanga ukhala m'manja mwanu."

"Ukhaladi," ndinayankha.

Foni ya Atelala inalira m'chikwama. Anayang'ana dzina, n'kundionetsa. Anali Wachisamba. Atangoyankha, mawu ake anamveka ofesi yonse, ngakhale khutu langa limodzi linawatola bwinobwino.

"Amayi, musadabwe, ndakonza zonse. Ndatenganso tchuthi, ndikupita nanu. Ine ndi inu chipinda chimodzi. Wowotcherera uja mwamuuza kale kuti basi?"